Sewero la achinyamata, titenge liti?

Mlembi: Moni nonse. M'bale wathu wa kunja uja watumiza ndalama zothandizira gulu la zisudzo. Pempho lake ndi loti sewerolo lichokere ku masewero akale otchuka, koma achinyamata alikonze kuti limveke ngati lathu. Tigwirizane pofika Lachisanu.

Aphunzitsi opuma: Apa palibe chokambirana chambiri. Titenge Antigone wa Sophocles, sewero la Agiriki la zaka zoposa 2,400. Mfumu Creon ikulamula kuti mtembo wa Polyneices usaikidwe chifukwa anaukira mzinda. Mlongo wake Antigone akukana, akukathira dothi pa mtembowo, ndipo mfumu ikumuweruza kuti afe. Pomaliza mwana wa mfumuyo ndi mkazi wa mfumuyo akudzipha. Ndani sangamve nkhani ya maliro oletsedwa? Komanso silidya ndalama. Agiriki ankalisewera ndi anthu atatu osinthana zigoba za kumaso, kuphatikiza gulu loimba.

Wapampando wa achinyamata: Zikomo aphunzitsi, koma chaka chatha tinachita sewero lachisoni ndipo anthu anayamba kutuluka lili pakati. Ife tikufuna The Government Inspector la Nikolai Gogol, la mu 1836. Akuluakulu a tauni akumva zoti kukubwera woyendera mabuku mobisa, akuganiza kuti ndi kalaliki wina wosauka amene ali pa nyumba ya alendo, nkuyamba kumupatsa ziphuphu. Iye akulandira, nkuthawa. Kenako woyendera weniweni akufika.

Mayi a kwaya: Ha! Limenelo ndiye ayi, osewera tili nawo kale m'komiti muno.

Msungichuma: Mayi, mukutanthauza chiyani? Nenani poyera.

Mayi a kwaya: Ine ndangoseka bambo. Koma popeza mwafunsa, makatani a pa siteji aja ali kuti?

Aphunzitsi opuma: Tisasokere. Mwana wanga, sewero la Gogol ndi labwino, ndinaliwerenga iwe usanabadwe, koma werenga anthu ake. Akupitirira 20 ndipo ambiri ndi amuna. Mbali zazikulu za akazi ndi ziwiri basi, mkazi wa meya ndi mwana wake. Gulu lanu atsikana ndiwo ambiri, ndiponso ndiwo amabwera ku maphunziro a sewero. Anyamata amaonekera tsiku lojambulitsa. Antigone akupereka mbali yaikulu kwa mtsikana, ina kwa mchemwali wake Ismene, ndipo otsala onse akhoza kulowa m'gulu loimba. Sewero amasankha poona anthu amene uli nawo.

Wapampando wa achinyamata: Meya tikhoza kumusandutsa mzimayi. Si ndiye kukonza kumene akunenako?

Aphunzitsi opuma: Kukonza sewero si kungosintha mayina ndi zovala. Ola Rotimi wa ku Nigeria atatenga Oedipus Rex, sewero lina la Sophocles, mu 1968 nkulemba The Gods Are Not to Blame, anasamutsa nkhani yonse kuiika mu ufumu wa Ayoruba, ndi miyambi yawo ndi zikhulupiriro zawo. Welcome Msomi anachita chimodzimodzi ndi Macbeth wa Shakespeare, nkutulutsa uMabatha m'Chizulu. Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona mu The Island, la mu 1973, anaika Antigone m'kamwa mwa akaidi awiri amene akukonzekera kumusewera m'ndende. Anthu awiri okha, bulangete, ndowa. Onsewa anayamba adzifunsa kuti nkhaniyi ikuluma pati kwa anthu awo.

Mayi a kwaya: Ndiye kwa ife ikuluma pa makatani.

Msungichuma: Nkhani ya makatani ndinafotokoza pa msonkhano waukulu. Telala analandira theka la ndalama, kenako anasamuka. Malisiti alipo.

Membala wa mu tauni: Malisiti amenewo adawaonapo ndani? Zaka zitatu tsopano tikungomva kuti alipo.

Msungichuma: Inuyo achimwene simunasonkhe chaka chimenecho, ndiye mukufunsa ndalama za ndani?

Membala wa mu tauni: Ndinasiya kusonkha chifukwa cha zomwezi. Ndipo ndalama zatsopanozi zisalowe mu akaunti yomweyo.

Mlembi: Abale, tibwerere ku sewero chonde.

Membala wa mu tauni: Chabwino. Bwanji tingotenga The Island, poti ndi la anthu awiri? Zotsala tigule makatani.

Aphunzitsi opuma: Simungatenge chisawawa. Limenelo lili ndi eni ake, muyenera kupempha chilolezo ndipo nthawi zambiri mumalipira. M'maiko ambiri umwini wa buku umatha pakapita zaka 50 kapena 70 wolemba atamwalira. Sophocles, Gogol, Shakespeare amene anamwalira mu 1616, amenewa ndi a aliyense. Koma chenjerani, womasulira wa masiku ano ali ndi umwini pa mawu ake. Njira yabwino ndi kutenga mafupa a nkhani yakaleyo, mawu nkulemba tokha. Ine ndikhoza kulemba Antigone m'milungu itatu. Gawo loyamba ndinayamba kale.

Wapampando wa achinyamata: Ooh, ndiye munasankha kale musanatifunse?

Aphunzitsi opuma: Ndinangokonzekera.

Wapampando wa achinyamata: Chaka chathanso munangokonzekera, mawu anu anali aatali moti anyamata analephera kuloweza. Tiloleni tilembe tokha ulendo uno, inu mudzangotiwongolera.

Mayi a kwaya: Gulu loimba la Agirikilo likakhalapo, kwaya yathu ilipidwe. Ulendo watha tinaimba ulere pamene ena analandira ya mayendedwe.

Msungichuma: Palibe analandira ya mayendedwe. Ngati sewero la Gogol mukulifuna kuti mundinyoze pa gulu, ingonenani ndikupatseni mabuku anu.

Wapampando wa achinyamata: Bambo, Gogol analemba za ku Russia, sanakudziweni.

Membala wa mu tauni: Mabukuwo bweretsanidi, tiwaone.

Aphunzitsi opuma: Ndatumiza gawo loyamba kwa a Mlembi. Masamba 14. Muwerenge musanatsutse.

Mlembi: Ndalandira koma silikutseguka pa foni yanga. Wa kunja uja akufunsa ngati tagwirizana. Ndimuyankhe chiyani?

Mayi a kwaya: Muuzeni adikire kaye. A Tcheya ali kuti kodi? Akungowerenga osayankha.