Makina odulira zitsulo a ku Lizulu: tikonzetse kapena tigule ena?

Wapampando: Abale ndi alongo, makina odulira zitsulo amene tinagulira anyamata a ku shopu yowotcherera kwathu ku Lizulu aima. Madesiki a sukulu amene akupanga aja atsalira pakati. Tikonzetse kapena tigule ena? Tiyeni timvane lero.

Mnyamata wa ku shopu: Zikomo bambo. Anayamba kulavula moto kumbuyo kwa mota, kenako kafungo kakupserera. Tinasintha mabulashi, timakala tolowetsa magetsi mu mota, koma anatha msanga. Titatsegula tapeza amecha, chozungulira cha mkati mwa mota chokulungidwa mawaya, yada bii, ndipo pamkuwa pomwe mabulashi amakhudza pakumbika. Disiki nayo ikumagwedera, bering'i yapita.

Amalume a ku Joni: Musataye ndalama pa chinthu chakufa. Kuno ndigula atsopano a disiki ya 355 mm, ndikweza pa basi. Magetsi ndi ofanana, 230, mungosintha pulagi chifukwa ya kuno ndi ya mano ozungulira. Inu mungosonkha.

Msungichuma: Amalume, kusonkhako ndiye nkhani. Ena a mwezi watha sanaperekebe, mayina sinditchula. Onjezani za basi ndi msonkho wa pa Mwanza. M'thumba muli za mapaipi a madesiki basi.

Mayi a ku Area 25: Ine ndikuti tikonzetse. Ku Mchesi ndi ku Ndirande alipo amisiri omanganso mawaya a mota.

Achimwene a ku Ndirande: Mayi, alipodi, ndimakhala nawo. Koma amecha ya makina awa imathamanga kwambiri, ikamangidwa pamanja osailinganiza bwino imanjenjemera n'kudya bering'i yatsopanoyo. Ngati tikukonza, tigule amecha yeniyeni ya nambala yake, mabulashi ndi mabering'i onse awiri. Mwana wanga, koyilo ya kunja, mawaya osayenda ozinga amecha aja, ili bwanji?

Mnyamata wa ku shopu: Ikuoneka yamoyo bambo, vanishi wake sanapse.

Achimwene a ku Ndirande: Ndiye makinawo sanafe. Koma funso langa n'lakuti anapsa chifukwa chiyani? Mota yotere imafa ukamakanikiza disiki mwamphamvu pa chitsulo chokhuthala, kapena ukamadula magetsi ali ofooka, kapena pa waya wautali wowonda. Fumbi la zitsulo nalo limadzaza mkati ngati simupemerera. Tikapanda kukonza zimenezo, ngakhale a ku Joniwo apsa chimodzimodzi.

Mnyamata wa ku shopu: Waya wathu ndi wowondadi, timakoka kuchokera pa golosale yoyandikana. Komanso anthu amabwereka makinawo Loweruka.

Mayi a ku Area 25: Kubwereka?! Wawaloleza ndani? Ife tikusonkha kuno, wina akudulira mageti ake ulere?

Wapampando: Mayi, pang'onopang'ono. Imeneyo tiikamba ndi komiti ya kumudzi.

Amalume a ku Joni: Chabwino, ndagonja pang'ono. Tumizani chithunzi cha kachitsulo kolembedwa nambala ya makinawo, ndifufuze amecha kuno. Ikapezeka yodula kuposa theka la mtengo wa atsopano, tibwerere ku maganizo anga.

Achimwene a ku Ndirande: Podikirapo dulani ndi girayinda, koma osachotsa chotchingira n'kuikapo disiki yaikulu. Imasweka n'kulasa munthu kumaso.

Msungichuma: Waya wokhuthala ndilemba pa bajeti. Amene sanapereke, nambala ndi yomwe ija.

Mnyamata wa ku shopu: Chithunzi nditumiza mawa, foni yatha moto.