Sosi wa Caesar akungolekana, ndithandizeni akuluakulu

Wophika watsopano, Mangochi: Akuluakulu, zandivuta. Sabata ino katatu konse sosi wa saladi wa Caesar wandilekanira, mafuta pamwamba, pansi madzi okhaokha. Letesi nayenso akufota mbale isanafike patebulo. Dzulo mlendo wabweza chakudya, ndinachita manyazi kwambiri. Ndimaika zikasu za mazira awiri, adyo, mandimu, tchizi wa Parmesan ndi mafuta a maolivi. Ndikulakwitsa pati?

Shefu, Lilongwe: Achimwene, mafutawo mumathira bwanji?

Wophika watsopano, Mangochi: Maoda akachuluka ndimangokhuthula kamodzi.

Shefu, Lilongwe: Vuto ndi limenelo. Chikasu sichingamwe mafuta onse nthawi imodzi. Yambani ndi timadontho, dzanja linalo likutakasa osapuma. Akayamba kulimba ngati phala la mwana, ndiye muziwonjezera pang'onopang'ono. Mazira muziwatulutsiratu mufiriji. Wolekana kaleyo musataye: ikani chikasu china m'mbale youma, muzithiramo sosi wowonongekayo supuni imodziimodzi, agwirana.

Mayi wophika, Blantyre: Za letesizo mwanawe, ndikukayikira kuti mumasakaniziratu kukhitchini. Saladi ameneyu anabadwira patebulo. Caesar Cardini, Mtaliyana, anamuyamba mu 1924 mulesitilanti yake ku Tijuana, ku Mexico, nthawi yomwe anthu a ku America ankawoloka malire chifukwa kwawo mowa unali woletsedwa. Ankasakaniza mlendo akuona, masamba a letesi wa mtundu wa romaine ali athunthu, anthu n'kumadya ndi manja. Ndiye tsukani masamba, muwaumitse ndi kansalu mpaka pasatsale dontho, akhale mufiriji. Sosi athiridwe woperekera zakudya ataima kale pakhomo. Ndi kutentha kwa kunyanjako, mphindi zochepa zomwezo masamba agona.

Wophika watsopano, Mangochi: Zikomo amayi. Nanga ma anchovy poti akudula, ndingaikemo usipa?

Mayi wophika, Blantyre: Cardini mwini sankaika ma anchovy. Kakomedwe ka nsombako kankachokera mu Worcestershire sauce, sosi wa m'botolo yemwe amakhala ndi ma anchovy, ndiye madontho angapo akukwanirani. Usipa wouma ndinayesapo, fungo lake linaphimba tchizi yense.

Shefu, Lilongwe: Chinanso, dziralo n'laliwisi. Ngakhale muliviike m'madzi owira mphindi imodzi monga ankachitira kale, silinapse. Pangani sosi wa tsiku lomwelo, magetsi akazima nthawi yaitali mutaye. Amayi oyembekezera muziwauziratu.

Wophika watsopano, Mangochi: Ndayesa masana ano, madontho mpaka mkono kuwawa. Wagwirana bwinobwino, mbale zisanu ndi imodzi zabwerako zopanda kanthu. Zikomo akuluakulu.