Kasitomala wapsa ndi laser, koma mbali imodzi yokha

Tadala: Akuluakulu ndithandizeni, mtima uli m'mwamba. Dzana ndinalandira mayi wina kachitatu, timachotsa ndevu za pachibwano ndi m'khosi. Khungu lawo ndi lakuda ndithu, pa Fitzpatrick (muyeso wa mtundu wa khungu, kuyambira 1 loyera kwambiri mpaka 6 lakuda kwambiri) ndinawaika pa 5. Makina ndi laser ya diode ya 808 (nambala yosonyeza mtundu wa kuwala kwake). Maulendo awiri oyamba zinayenda bwino, ndiye ulendo uno ndinakweza mphamvu pang'ono. Lero anditumizira zithunzi: matuza awiri, ndi timabala takuda ta makona anayi tondondozana ngati adindidwa chidindo. Zonsezi zili kumanzere, kumanja kulibe kanthu.

Mayi Nachisale: Tiyambe ndi wopsayo, za makina pambuyo. Matuzawo asaphulitse, nkhanambo zikabwera asamatule. Azitsuka ndi madzi oyera, azipaka Vaseline pang'ono, basi. Madzi ozizira a mphindi 20 aja amathandiza maola oyambirira, pano nthawi yake yadutsa. Popeza pali matuza ndipo ndi pankhope, apite kwa dokotala wa khungu, osadikira mafinya. Muwaimbire foni, mwanawe, osangolemba uthenga. Munthu wapsa nkhope amafuna kumva mawu.

Chimwemwe: Pepani asisi. Koma ine ndimanena nthawi zonse, khungu la 5 ndi 6 likufuna laser ya Nd:YAG ya 1064. Kuwala kwake kumalowa mkati ndipo melanin ya pamwamba (chomwe chimadetsa khungu ndi tsitsi) siikukoka kwambiri. Diode ndi juga.

Mayi Nachisale: Nd:YAG ndi yabwino kuposa zonse pa khungu lakuda, sindikutsutsa. Koma juga yeniyeni ndi laser ya alexandrite ya 755 ndi IPL (makina a kuwala kwamphamvu omwe si laser). Diode imagwira pa 5 ngati pulse (nthawi yomwe kuwala kumatenga pa kuwomba kumodzi) ili yaitali ndipo mutu wa makina ukuzizira bwino. Mayiyu anadutsa kawiri osapsa, ndiye vuto si dzina la makina lokha.

Chimwemwe: Ndiye ndi mphamvu anakwezayo.

Limbani: Ine ndimakonza makinawa, ndiloleni ndifunse. Achemwali, munayambira mbali iti?

Tadala: Kumanja.

Limbani: Ndimaganiza choncho. Ikanakhala mphamvu yokha, akanapsa mbali zonse, chifukwa simunasinthe manambala pakati. Chinasintha ndi mutu wa makina. Pitani mukaone zinthu ziwiri. Choyamba galasi la kutsogolo: tizidutswa ta tsitsi tikamatirira pamenepo timapserera, timasanduka makala, kenako kuwala konse kumathera pa timakalato n'kuwotcha khungu. Chachiwiri, yatsani makina, muwombe kangapo ngati muli pantchito, mugwire galasilo ndi kuseri kwa dzanja. Likayamba lozizira kenako n'kumafunda, madzi achepa, fyuluta yatsekeka kapena chozizitsira chafooka. Makona anayi mukuwaonawo ndi chithunzi cha galasi lanu lomwe.

Tadala: Achimwene, mwalasa. Ndangoona kumene, m'mphepete mwa galasi muli zakuda zouma. Ndipo ndakumbukira, mayiwo anabwera atameta dzana lake, tinsonga tinali titatuluka. Ndinali ndi anthu awiri akudikira, sindinawametenso. Pa kumanzere paja anati "lero zikuwawa", ine n'kuti pirirani tatsala pang'ono. Manyazi akundigwira.

Mayi Nachisale: Mawu amenewo ndiwo anali belu lanu. Totupa ting'onoting'ono mozungulira tsinde la tsitsi ndi zabwinobwino, timafuna zimenezo. Koma munthu amene anapirira kawiri akati lero zikuwawa, imani, pukutani galasi, gwirani ngati likuzizira. Komanso tsiku lokweza mphamvu pa khungu lakuda ndimayesa kaye kamalo kakang'ono pansi pa chibwano, n'kudikira maola 48 kapena kuposa, chifukwa khungu limeneli limachedwa kuonetsa kupsa.

Chimwemwe: Nanga zakudazo? Ine ndikanawapatsa mafuta oyeretsa azipaka pamabalapo ziyere msanga.

Mayi Nachisale: Ayi, pabala losapola musaikepo chilichonse choyeretsa. Mafuta ambiri otere ali ndi steroid, amapepusa khungu, ena amawonjezera kutupa, ndipo kutupa ndiko kumachititsa khungu kutulutsa melanin yambiri. Mankhwala ochepetsa kuda ngati hydroquinone kapena azelaic acid ndi nkhani ya dokotala, bala litatsekeka. Zakuda mukuziona panozi zambiri ndi nkhanambo, zidzayoyoka. Pansi pake pakhoza kuoneka potuwa kaye, kenako n'kuda kuposa khungu lonse patapita milungu ingapo. Muwauziretu zimenezi, asadzaganize kuti zayambiranso. Kuda kumazilala pang'onopang'ono, miyezi ingapo. Poyera mbuu ndiye pamavuta, pamachedwa kwambiri kubwerera. Pakangopola azipaka mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kupita m'mwamba tsiku lililonse, makamaka aja okhala ndi mtundu ngati foundation, chifukwa pa khungu lakuda ngakhale kuwala wamba kumadetsa zipsera.

Tadala: Ndawaimbira. Anakwiya, koma atamva kuti ndapeza chomwe chinalakwika komanso kuti za dokotala ndilipira ndine, mtima unatsika. Ndawafunsanso za mankhwala, akuti sakumwa doxycycline (amene amachititsa khungu kupsa msanga ndi kuwala) kapena china chilichonse. Manambala a tsikulo ndi zithunzi ndasunga m'fayilo yawo. Nanga pachibwanopo ndidzabwerere liti?

Mayi Nachisale: Mtundu wa khungu ukadzafanana ndi malo ena, dokotala atavomera, ndipo mudzayambire manambala a ulendo woyamba.

Limbani: Makinawo musagwiritse kaye pa munthu aliyense. Mukapukuta galasi muliyang'ane poyera, ngati pali mng'alu kapena pobooka, nditumizireni chithunzi.