Mnyamata wa zaka 15 akudandaula msana: ndi kukula, ntchito kapena matenda?

Mayi wa ku Lungwena

Moni nonse. Ndili ndi mnyamata wa zaka 15, ali Fomu 2, amalemera makilogalamu 45. Papita masabata atatu akudandaula msana, cha m'munsimu pamene pamadutsa lamba. Loweruka ndi Lamulungu amathandiza amalume ake kukoka khoka, masana amamenya mpira, ndipo m'mawa amatunga madzi m'zigubu ziwiri pa njinga. Akamwa Panado ululu umachepa kwa maola ochepa n'kubwereranso. Agogo ake akuti mwana sadwala msana, ndi ulesi chabe, ndipo akapitiriza kudandaula amutema mphini. Ine mtima sukukhazikika. Chimayambitsa n'chiyani pa msinkhu umenewu? Tingamuthandize bwanji pakhomo, nanga tithamangire liti kuchipatala?

Wachipatala, Mangochi boma

Mayi, mwana amadwala msana ndithu, ndipo agogo muwapemphe mwaulemu kuti lumo alisunge. Mphini sizifika pamene pali vuto. Zimangotsegula njira ya mafinya ndi kafumbata, ndipo lumo lotemera anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Ana ambiri a msinkhu umenewu vuto limakhala minofu yotopa ndi katundu, ndipo limatha m'masabata ochepa. Koma musanagamule kuti ndi minofu, mufunseni bwinobwino. Kodi thupi limatentha, makamaka madzulo? Amatuluka thukuta usiku mpaka zofunda kunyowa? Waonda? Ululu umamudzutsa pakati pa usiku ngakhale sanatembenuke? Alipo pakhomopo amene wakhala akutsokomola nthawi yaitali kapena akumwa mankhwala a TB? Ndikufunsa chifukwa TB sigwira mapapo okha. Imalowanso m'mafupa a msana n'kumawadya pang'onopang'ono mpaka fupa limodzi kufumbutuka, ndipo pamsana pamatumphuka molimba, mosongoka. Muvuleni malaya, yendetsani chala pamzere wa msana kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno. Mukapeza potumphuka, kapena fupa limodzi loti mukadina mwana akudzidzimuka ndi ululu, musadikire. TB ya msana imachira, koma mankhwala ake amamwedwa miyezi 9 mpaka 12, osati 6 ngati ya m'mapapo, ndipo linunda likapangika mapiritsi saliwongola.

Pali zina zoti mupite tsiku lomwelo, kaya ndi usiku: miyendo kufooka kapena kukoka phazi poyenda, dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumatako, mkodzo kukanika kutuluka kapena kumangotuluka wokha, chimbudzinso chimodzimodzi. Ngati ululu unayamba atagwa mumtengo wa mango kapena pa njinga yamoto, musayendeyende naye, mumunyamule atagona pa chinthu cholimba.

Popeza mwanayu amalowa m'nyanja sabata iliyonse, likodzo tisaliiwale. Anyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja amaona magazi pa madontho omaliza a mkodzo koma sanena, ena amayesa ndi mmene amakulira. Likodzo kawirikawiri limapweteka pachinena ndi pokodza, koma mazira ake akakhalitsa amatseka njira yochokera ku impso, impso n'kutupa, ululu n'kumamveka kumsana. Mwa apo ndi apo mazirawo amafika mumtsempha waukulu wa mumsana n'kufooketsa miyendo. Ululu wa impso muuzindikira chonchi: umakhala m'mwamba pang'ono, pansi pa nthiti zomalizira, mbali imodzi, ndipo susintha kaya awerame kaya agone. Wa minofu umatsata mmene thupi likuyendera.

Ine ndikuti sabata ino akayezetse mkodzo. Wabwino ndi wapakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, ndi madontho omaliza omwe, chifukwa ndi nthawi imene mazira amatuluka ambiri. Mankhwala a likodzo ndi praziquantel, 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa wa makilogalamu 45 ndi mapiritsi atatu a 600 mg, kamodzi, atadya kaye kuti asamuzunguze. Ngakhale atakhala kuti anamwa kusukulu chaka chatha, sizimuteteza lero, akalowanso m'madzi amatenganso. Thupi likamatentha ayezedwe malungo, ndipo ngati kuyambira ali wamng'ono amadwaladwala mafupa, magazi kuchepa ndi maso kuchita chikasu, muwauze achipatala ayezenso sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo.

Za mapiritsi: Panado wa 500 mg, limodzi kapena limodzi ndi theka, maola 6 aliwonse, osaposa kanayi pa tsiku. Bufeni, 200 mpaka 400 mg katatu pa tsiku, atadya, osapitirira masiku 5 musanaonane ndi achipatala. Asamwe bufeni ngati ali ndi zilonda za m'mimba, mphumu yomwe imadzuka ndi mankhwalawa, kapena mukukayikira impso. Musaphatikize bufeni ndi indosidi kapena diclofenac za pagolosale, ndi mtundu umodzi ndipo pamodzi zimakanda m'mimba ndi kuwononga impso. Asipirini musamupatse mwana wosakwana zaka 16.

Wa fiziyo

Ine monga wothandiza odwala minofu ndi mafupa kudzera m'zolimbitsa thupi, ndiwonjezere za minofu ndi katundu, tikatengera kuti zoopsa zimene atchula adokotalawa palibe.

Anyamata amatalika mothamanga pakati pa zaka 12 ndi 16, atsikana amayamba msanga ndi zaka ngati ziwiri. Mafupa a miyendo amatsogola, minofu n'kumatsalira, makamaka ya kumbuyo kwa ntchafu. Minofu imeneyi inagwira pa fupa la chiuno. Ikakungika, chiuno sichipendekeka bwino powerama, ndiye kuwerama konse kumagwera pa mafupa asanu a m'munsi mwa msana. Muyeseni: agone chagada pamkeka, inu mukweze mwendo umodzi bondo litawongoka. Mwendo womasuka umakwera mpaka kutsala pang'ono kuloza kudenga. Ukangofika theka la njira iye n'kuyamba kupinda bondo, minofuyo yakungika. Koma akanena kuti ululu wathamanga kutsika mpaka kuphazi, lekani, umenewo ndi mtsempha wopanikizika ndipo ufunika kuonedwa.

Tsono zigubuzo, mayi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Zigubu ziwiri za malita 20 ndi makilogalamu 40, kutsala pang'ono kufanana ndi thupi lake lonse. Kukankha njinga si vuto kwenikweni. Vuto lili pokweza chigubu pa kaliyala: mwana amawerama miyendo ili chiwongokere, n'kugwira ndi dzanja limodzi, n'kupotoka m'chiuno kuti achifikitse. Kuwerama, kupotoka ndi kulemera zikakumana nthawi imodzi, msana ndi pamene umavulala. Masabata ano azidzaza theka lokha. Njinga aziyimika pafupi, anyonyomale, akumbatire chigubu pamimba, adzuke ndi mphamvu ya miyendo, ndipo potembenuka asunthe mapazi, osati kupotoza chiuno. Njira ina n'kumangirira zigubu zopanda kanthu pa njinga n'kumathiramo ndi kandowa kakang'ono wina atagwira njingayo. Khoka alisiye kaye, amalume amvetse.

Anthu amakonda kuloza chikwama cha mabuku. Inde, chisapose magawo 10 mpaka 15 pa 100 a kulemera kwa mwana, kwa iyeyu makilogalamu 5 kapena 6, ndipo azibereka ndi malamba onse awiri. Koma kwa ana a kuno kwathu chigubu, thumba la chimanga ndi njerwa n'zimene ndimaziopa kuposa makope. Kukhala maola ambiri pansi kapena pa benchi yopanda potsamira kumaonjezera, choncho phunziro likatha aziimirira ndi kudziwongola.

Chimene musachite n'kumugoneka tsiku lonse. Msana wosayenda umauma ndipo minofu imafooka. Aziyenda wapansi mphindi 20 mpaka 30 tsiku lililonse. Muzimuthowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15, m'mawa ndi madzulo, mutayamba mwayesa pa mkono wanu kuti musamuwotche.

Zolimbitsa thupi azichita kawiri pa tsiku, pamkeka. Atagona chagada, akokere bondo limodzi pachifuwa, awerenge mpaka 20, asinthe, katatu mbali iliyonse. Kenako akolowetse chitenje kuphazi, akweze mwendo uli wowongoka mpaka amve kukoka kumbuyo kwa ntchafu, agwire masekondi 30, osagwedeza. Chachitatu, apinde maondo mapazi ali pansi, alimbitse mimba, akweze matako mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'maondo, awerenge mpaka 5, atsike pang'onopang'ono, ka 10. Cholakwika chimene ana amachita apa n'kukweza kwambiri mpaka msana kupindikira m'mwamba, zimenezo zimabweretsa ululu m'malo mochotsa. Chomaliza, agwade manja ali pansi, atambasule dzanja lamanja ndi mwendo wamanzere nthawi imodzi msana osagwedezeka, asinthe, ka 8 mbali iliyonse. Kumva kukoka n'kwabwino, kumva kubaya ayi. Kusintha kumaoneka pakatha masabata awiri kapena atatu, koma apitirize mpaka 6.

Pogona, chammbali ndi pilo kapena chitenje chopinda pakati pa maondo, kapena chagada ndi pilo pansi pa maondo. Matiresi obwafuka pakati ndi bwino kuwatsitsa pansi.

Mayi wa ku Lungwena

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndamufunsa ndipo ndamuona. Thupi silitentha, sanaonde, pamsana palibe potumphuka, mkodzo akuti ndi woyera. Koma akuloza malo amodzi, kumanja kwa fupa la msana, ndipo akuti pamapweteka kwambiri akapindikira kumbuyo, monga poponya mpira ndi manja kapena potsamira pokoka chingwe cha khoka. Akawerama kutsogolo kapena akagona amapezako bwino.

Wa fiziyo

Mayi, zimenezi zasintha nkhani pang'ono, ndipo mwachita bwino kufunsa mwatsatanetsatane. Ululu wa malo amodzi, mbali imodzi, wokula popindikira kumbuyo, wochepa popuma, mwa mnyamata wosewera amene akukula, umatipangitsa kuganizira za mng'alu pa fupa la msana. Kumbuyo kwa fupa lililonse kuli kachigawo kopyapyala kolumikiza fupalo ndi anzake. Mwana akamapindikira kumbuyo mobwerezabwereza, kachigawoka kamatopa n'kung'aluka, monga waya amene mwamupinda uku ndi uku. Sipafunika kugwa. Kawirikawiri ndi fupa lachisanu, lomalizira m'munsi. Atsikana a ntchemberembaye nawonso zimawachitikira.

Muimitseni ndi mwendo wamanja wokha, inu mutamugwira m'chiuno, atsamire kumbuyo pang'onopang'ono. Ululu womwe uja ukabwera, chikayikiro chikukula, ngakhale kuti kuyesa kumeneku pakokha sikutsimikiza. Akaonedwe ndi oona za mafupa ku chipatala chachikulu pa boma. Dziwani kuti mng'alu watsopano nthawi zina suoneka pa X-ray, choncho chithunzi choyera chisamubwezere ku mpira ululu udakalipo.

Chithandizo chake chachikulu n'kupumitsa fupalo. Mpira, kuthamanga, kudumpha, kupalasa bwato ndi khoka azisiye masabata 6 mpaka 12. Kusukulu azipita, wapansi aziyenda. Pa zolimbitsa thupi zija apitirize cha bondo pachifuwa ndi cha chitenje. Chokweza matako achisiye kaye mpaka ataonedwa, ndipo asagone chafufumimba. Kubwerera kubwalo kukhale kwa pang'onopang'ono, atatha masabata angapo osamva kanthu: ayambe kuthamanga pang'ono, kenako kupatsirana mpira, masewero enieni pomaliza. Kumwa bufeni kuti akasewere ndiko koopsa kwambiri, chifukwa ululu umabisika mng'alu ukukula. Ukang'aluka mbali zonse ziwiri, fupalo limatha kuserereka kutsogolo, ndipo pamenepo chithandizo chimatalika.

Namwino, Monkey Bay

Ndilankhuleko za atsikana, poti makolo ena akuwerenga. Mtsikana akadandaula msana, funsani kaye za kumwezi. Ululu wa msambo umayamba tsiku limodzi asanasambe kapena tsiku loyambalo, umagwira pachinena n'kuzungulira kumsana, ndipo umatha pa masiku awiri kapena atatu. Bufeni amagwira bwino akamwedwa ululu ukungoyamba, pamodzi ndi kuthowa pamimba. Azilemba masiku m'kope miyezi iwiri kapena itatu, muona nokha ngati zikutsatana. Ngati msambo wadumpha, ayezedwe mimba asanamwe bufeni. Funso limeneli afunse mayi kapena azakhali, pambali, modekha, chifukwa mwana woopsezedwa amabisa. Msana pamodzi ndi kuwotcha pokodza, kukodza pafupipafupi ndi kunjenjemera ndi matenda a m'njira ya mkodzo omwe akwera ku impso, amafuna mankhwala akuchipatala tsiku lomwelo. Likodzo kwa atsikana limagwiranso njira ya chiberekero, n'kumabweretsa kuyabwa, chikazi chachilendo ndi timagazi, ndipo ena amawanamizira matenda opatsirana pogonana pomwe angochapa ndi kusamba kunyanja.

Kusenza ndowa ya malita 20 pamutu kwa mtsikana wa zaka 12 kapena 13 n'kochuluka. Ya malita 10, ndi nkhata, wina amutukule ndi kumutula, n'kwabwino kuposa ulendo umodzi wolemetsa.

Onaninso kupindika kwa msana, komwe kumaonekera pa zaka zomwezi, kwambiri mwa atsikana. Awerame kutsogolo manja akulendewera, inu muime kumbuyo. Nthiti za mbali imodzi zikatukuka kuposa zinzake, kapena phewa limodzi likakhala lokwera ataima, akaonedwe akadali kukula.

Wachipatala, Mangochi boma

Ndikugwirizana ndi a fiziyo. Ndingotsindika kuti mkodzo wooneka woyera sukutanthauza kuti mulibe likodzo, magazi ndi mazira ambiri amaoneka poyeza basi, choncho ulendo womwewo ayezetse zonse. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko kuti akulembereni kalata yopita pa boma. Ngati pangafunike zoposa pamenepo amatumiza ku Zomba Central kapena ku Queens, ndipo ku Blantyre komweko kuli Beit CURE yomwe imaona mafupa a ana. Tengani buku lake lakuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene wamwa. Lembani papepala tsiku limene ululu unayamba, chimene chimaukulitsa, ndi ntchito zonse zimene amagwira, khoka ndi zigubu zomwe, chifukwa anyamata akafika pamaso pa dokotala amangoti "ndili bwino". Mufike m'mawa kuti mkodzo utengedwe pa nthawi ija ya 10 koloko mpaka 2 koloko.