Makompyuta akale a mu ofesi: Linux kapena Windows 11?

Wa ku Kawale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ofesi ina ku Area 3 ili ndi makompyuta 12, onse Core i5 ya 4th gen, RAM 4GB, akadali pa Windows 10. Microsoft inasiya kutumiza ma security update pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 ikuwakana chifukwa purosesa ndi yakale, TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo komwe Windows 11 imafuna) mulibe. Abwana akuti zogula atsopano aiwale. Akufunanso seva yosungirapo mafayilo.

Wa ku Area 25: Ikani Linux Mint ya Xfce (mtundu wa Linux wa desktop yosalemera) pa onse, achimwene. Ndi yopepuka, pa 4GB imathamanga bwinobwino, ndipo Mint 22 ilandira ma update mpaka 2029. Laisensi palibe, zosaka madola palibenso.

Achemwali a ku Old Town: Pa onse ayi. Mwafunsa kaye kuti akauntanti amagwiritsa ntchito chiyani? Ngati ndi QuickBooks Desktop (pulogalamu yowerengera ndalama) kapena Excel yodzaza ma macro (timalamulo togwira ntchito tokha), LibreOffice, yomwe imalowa m'malo mwa Microsoft Office pa Mint, siikwanitsa. Tsiku lokonza malipiro fayilo ikadzasokonekera, foni yoyamba kulira ndi yanu. Ngakhale malipoti opita kwa ma donor, tebulo la mu docx nthawi zina limasuntha mukalitsegula ku Writer ya LibreOffice.

Wa ku Kawale: Akauntanti ali pa QuickBooks. Enawo ndi makalata, imelo ndi browser basi.

Wa ku Area 25: Nanga osangoikakamiza Windows 11 ndi Rufus, pulogalamu yotha kudumpha zofunika za purosesa ndi TPM zija, bwanji?

Madala a ku Area 47: Pa kompyuta yanu kunyumba chitani, koma osati pamakina osunga ndalama za anthu. Microsoft inanena yokha kuti makina oterowo siikulonjeza kuwapatsa ma update. Ine ndikuti musiyanitse. Akauntanti amugulire kompyuta imodzi yatsopano ya Windows 11 yalaisensi, otsalawo Mint. Seva ikhale Ubuntu Server 24.04 LTS, muikepo Samba, pulogalamu yogawira mafayilo pa netiweki, foda idzaoneka ku Windows ndi ku Mint komwe. Windows Server mumalipira laisensi, kenako CAL (chilolezo cholumikizira ku seva) ya munthu aliyense kapena makina aliwonse. Kungosunga mafayilo kokha, n'kuwononga ndalama. Yotsalayo mugulire UPS (batire yothandiza magetsi akazima) ndi hard disk yapadera ya backup, magetsi athuwa mukuwadziwa.

Chondidetsa nkhawa n'chimodzi. Inu mukapita kumaliro kumudzi, seva ikavuta adzaigwira ndani? Odziwa Windows ali ponseponse mu tauni muno, a Samba ndi owerengeka. Lembani zonse zomwe mwachita mu smb.conf, fayilo ya ma setting a Samba, muphunzitse munthu mmodzi wa pomwepo.

Achemwali a ku Old Town: Pamenepo tagwirizana madala. Koma musanafufute kanthu, yatsani Mint kuchokera pa flash muyese printer ndi scanner. Za HP zambiri zimagwira ndi HPLIP, ma driver a HP a pa Linux, zina zimavuta.

Wa ku Kawale: Printer ndi HP LaserJet. Mawa ndiyamba ndi ya pa reception, ikayenda bwino sabata yonse ndiika enawo. Madala, munditumizireko smb.conf yanu ndionereko.

Madala a ku Area 47: Ndikutumizirani madzulo ndikaweruka.