Chiliza cha agogo aamuna kapena nyumba ya agogo aakazi? Ndithandizeni maganizo abale

Adimini chonde ndibisireni dzina, achibale anga ambiri ali pagulu pompano.

Ndine mayi wa zaka 34, kwathu ndi ku East Bank mbali ya Makhanga kwa Mfumu Mlolo, koma pano ndimakhala ku Nchalo. Agogo anga aamuna, ife kwathu timati ayavu, anatisiya mu Ogasiti 2024. Iwowa ndi agogo aakazi ndi amene anandilera mayi anga atamwalira ine ndili Sitandade 3, nde kwa ine sanali agogo chabe, anali bambo. Pano abanja tagwirizana zoti timange chiliza mvula isanagwe, tasonkha ndalama zafika K1,800,000, ndipo ine andipatsa ntchito yolemba mbiri yawo yoti ikawerengedwe tsikulo. Koma pali zinthu ziwiri zomwe zikundisowetsa tulo.

Choyamba ndi chaka chobadwa. Pa chiphaso cha unzika chomwe anajambulitsa mu 2017 palembedwa 1942, Januwale 1, koma chakachi anangochita kuyerekeza pamzere pompaja poti iwo sankachidziwa. Agogo aakazi amati anakwatirana chaka chimene Kamuzu anatera pa Chileka, ndiye kuti 1958, ndipo ayavu ankatiuza kuti pa njala ya 1949 anali kale mnyamata wopalasa bwato yekha kupita kudambo kukazula nyika zoti azing'ono awo adye. Mwana wa zaka 7 angapalase bwato yekha mu Shire muja muli ng'ona? Ndipo akanakwatira ali ndi zaka 16? Ine ndikuona ngati anabadwa cha m'ma 1934 kapena 1935. Amalume akuti pamwala tilembe za pachiphaso basi poti ndi za boma, ine mtima ukukana kulemba chinthu choti ndikudziwa kuti ndi chabodza pamanda pa munthu amene ankadana ndi bodza. Mapepala onse, khadi la ukwati, zithunzi, ngakhale kachikalata ka ntchito ka ku SUCOMA komwe anadulako nzimbe zaka zingapo, zonse zinapita ndi madzi mu Januwale 2015. Chithunzi chomwe tili nacho ndi cha pachiphasocho ndi china chosaoneka bwino cha mufoni mwanga.

Chachiwiri ndi chomwe chikundipweteka kwambiri. Agogo aakazi ali moyo, saona, maso anachita khungu kalekale ine ndisanamalize sekondale. Nyumba yomwe akugonamo kumtunda komwe tinasamukira ndi ya zidina zosaotcha, namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa khoma limodzi nde tinangotchinga ndi mapepala apulasitiki ndi bango, mpaka lero zili choncho. Amalume awiri a ku Blantyre akufuna chiliza cha mwala wakuda wonyezimira uja, matisheti a nkhope ya ayavu, nsalu ya banja, ng'ombe imodzi ndi zimbale zoimbira. Ndikawerengetsa ndalama yonse ithera pompo. Komanso mandawo ali kumudzi wakale kumunsi, ayavu anachita kunena okha kuti mudzandiike pafupi ndi makolo anga, ndipo amene mumadziwa Makhanga mukudziwa kuti Ruo akalusa sasiya kanthu, mchenga umakwirira mpaka mawindo a nyumba.

Mwina muziti ndikukokomeza, koma mverani mmene munthuyu ankakhalira ndi mkazi wake. Anzawo atamapita ku Wenela kukagwira ntchito kumigodi ku Joni iwo anakana, akuti sangasiye mkazi ali woyembekezera, anasankha kulima thonje ndi mapira ndi kupha nsomba. Agogo aakazi atasiya kuona, m'mawa uliwonse ayavu ndi amene ankawatenthetsera madzi osamba, kuwagwira dzanja mpaka kubafa, kenako kuphika phala. Amuna anzawo pabwalo la bawo ankawaseka kuti anadyetsedwa, iwo osayankha. Akamadya mlamba kapena makakana ankayamba achotsa minga yonse ndi zala, kuika mnofu mbali imodzi ya mbale, kenako kutenga dzanja la agogo kuligunditsa pamene pali ndiwopo. Ndinaziona tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri moti ndinkaona ngati nyumba iliyonse zimatero.

Usiku wa madzi a 2015 ine kunalibe, koma msuweni wanga anali nawo. Madzi atalowa m'nyumba ayavu anabereka agogo kumbuyo ndi chitenje ngati mwana, munthu wa zaka pafupifupi 80, mpaka pachulu pomwe panali mtengo, anawamangirira kumtengoko ndi chitenje chomwecho kuopa kuti angaterereke akasinza, iwo nkukhala kumunsi kwake madzi ali m'mawondo mpaka kunacha. Atabwera a bwato anakana kukwera mpaka mkazi wawo atakwera kaye. Mbuzi zonse, nkhokwe, njinga yawo ya Humber ija, palibe chinatsala, koma sindinawamvepo akudandaula za katunduyo.

Nde abale munthu ameneyu angasangalale kuti pamanda pake pali mwala wonyezimira pomwe mkazi wake akunyowa ndi mvula? Vuto ndi loti kwathu kumalowola, mawu amakhala a ana aamuna, ine ndine mwana wa mwana wamkazi, ndikayankhula pa gulu la WhatsApp la banja amangowerenga osayankha. Ndalama zambiri aperekanso ndi iwowo. Ndiyankhule bwanji osaoneka wamwano? Nanga chaka ndilembe chiti? Amene munamangapo chiliza malo osefukira madzi munapanga bwanji?

Mayankho

Mayi wa ku Bangula: Pepa mwana wanga, ndawerenga misozi ili m'maso. Koma funso langa ndi limodzi, agogo aakaziwo mwawafunsa? Nonse mukukangana za mwamuna wawo ngati iwo kulibe. Zaka 66 pabanja si masewera, amene akudziwa chomwe malemu akanafuna ndi iwowo. Khala nawo pansi pamphasa uwafunse.

Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu: Pa nkhani ya chaka musavutike achemwali. Akuluakulu ambiri kuno zaka zawo timazipeza ndi zochitika, njala ya 1949, chipwirikiti cha 1959 pomwe Kamuzu anamangidwa nkupita naye ku Gweru, ufulu wa 1964, kapena nthawi yomwe Nsanje inkatchedwa Port Herald. Inu mwawerengetsa bwino kale. Ngati anali a Katolika pitani ku parishi komwe anabatizidwa kapena kumangitsa ukwati mukapemphe akuonereni m'kaundula, mabuku aja amasungidwa kwa zaka zambiri ndipo nthawi zina amalembamo zaka za munthu pa tsiku la ubatizo. Zikakanika lembani kuti anabadwa cha m'ma 1935, palibe lamulo loti pachiliza pafanane ndi pachiphaso. Chinanso, tengani foni mujambule mawu a agogo aakazi akufotokoza mbiri yonse kuyambira mmene anakumanirana, muchite sabata ino, musadikire.

Mnyamata wa ku Sorgin: Ine ndisiyane nanu pang'ono. Amalume anuwo musawaone ngati oipa, nawonso ndi bambo awo ndipo akulira m'njira yawo. Kumudzi anthu amayankhula, ana ali pantchito mtauni koma manda a bambo awo ali ngati a munthu wopanda abale, zimawawa zimenezo. Chiliza chimangidwe ndithu, bola muchepetse zinazo. Matisheti ndi zimbale ndi za tsiku limodzi.

Mmisiri wa ku Nsanje boma: Ndamangapo ziliza zingapo kumunsi kuno. Mwala wolemera uja pa dothi la mchenga madzi akadutsa amakumba pansi umapendekeka kapena kusweka pakati, ndalama yapita. Chomwe chimalimba ndi kukumba maziko akuya ndithu, kuthira konkire ya waya, chiliza chachifupi chosatalika, dzina mulembe pa simenti pomwepo isanaume komanso pa kachitsulo kowotcherera pa paipi yaitali yozikika mu konkire, kuti olo mchenga ukwirire mudzapezebe malo. Sizidya olo theka la ndalama mwatchulayo. Yotsalayo muotche njerwa agogo agone pabwino.

Mayi wa ku Fatima: Iwe usayankhule wekha pa WhatsApp, sizimveka, amaona ngati mwana akuwalamula. Pita kwa azakhali aakulu kapena ankhoswe a banjalo, kapenanso akuluakulu a mphakati komwe ayavu ankapemphera, uwafotokozere, iwowo ndi amene akaitane amalume. Ndipo nkhaniyo ikakambidwire kumudzi m'nyumba ya agogomo, akhale pansi aone okha pulasitiki ikuwomba ndi mphepo.

Bambo wa ku Chikwawa: Zofanana ndi zomwe zinatichitikira. Tinamanga chiliza chodula cha bambo, namondwe Ana atabwera mu Januwale 2022 chinapita chonse, pano tikapita timangoloza kuti panali apa. Mayi anamwalira chaka chotsatira ali m'nyumba yodontha. Mpaka lero zimandiwawa.

Mwini funso: Takhuta nonse abale, sindimayembekezera kuti muyankha chonchi. Ndinatsatira malangizo a mayi a ku Bangula, Loweruka ndinakwera njinga yamoto kuchokera pa Thabwa mpaka kumudzi ndipo ndinagona komweko. Usiku titadya ndinayatsa foni nkuwafunsa agogo za ayavu, anayankhula mpaka batire kutha. Zina ine sindinkazidziwa nkomwe. Akuti nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anthu atamawoloka Ruo kuthawira kuno cha m'ma 1986, ayavu analandira banja lina la anthu 6 osawadziwa, anawapatsa khitchini kuti azigonamo ndi kachigawo ka dimba, anakhala nawo mpaka nkhondo itatha mu 1992 nkubwerera kwawo. Akutinso mlatho wa njanji utaduka mu 1997 sitima itasiya kuwoloka kupita ku Bangula, ayavu ankawolotsa odwala pa bwato lawo osawalipiritsa. Zonsezi zilowa mu mbiri.

Za chiliza nditawafunsa anakhala chete kanthawi, kenako anati iwo mwala sadzauona olo utanyezimira bwanji, chomwe akufuna ndi choti tiwatengere kumandako akagwire dothi ndi manja awo, poti tsiku la maliro anali akudwala sanafike kumanda. Abale ine sindinkadziwa kuti chaka chonsechi zimenezi zili mumtima mwawo, palibe anawafunsapo. Za nyumba sanadandaule, anangoti mphepo ya mu Juni imalowa kwambiri usiku, ndipo kale ayavu ndi amene ankagona mbali ya kukhomako.

Ndakamba ndi azakhali aakulu, avomera kuitana amalume onse mwezi wamawa kuti tikakumane kumudzi, ndipo akuti mawu a agogo omwe ndajambula aja ndikawaseweretse pamaso pa onse. Ku parishi ndipita Lachitatu. Achimwene amisiri a ku Nsanje chonde ndilembereni kumbali mundiuze matumba a simenti ndi waya zomwe zingafunike pa chiliza chachifupicho, ndikufuna ndikafike pa zokambiranazo ndi mawerengero m'manja. Komanso amene mwadutsa posachedwa njira yochokera ku Osiyana kutsikira ku Makhanga, ngolo ya ng'ombe ikutha kufika? Agogo pa njinga yamoto sangakhale, ndipo ndikufuna ndiwapititse mwezi uno dzuwa lisanafike poipa.