Ndapala bowo la ekizozi pa chainsaw, pano ikufooka mu mtengo

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Chainsaw imeneyi ndi imene imandidyetsa, ndimachekera matabwa a bulugamu. Mlamu wanga anaibwereka masabata awiri, anabweza tcheni chobuntha, thanki ili gwa, ndi zikomo yemwe ayi. Nditaona kuti ikuchedwa ndinachotsa silinda n'kupala bowo la ekizozi ndi kagalayinda monga amachitira pa YouTube. Pano pamphepo ikulira mokweza kwambiri, koma ikangolowa mu mtengo ikufooka. Kasitomala anapereka kale theka la ndalama, foni m'mawa ndi madzulo. Mayi akunyumba sakundiyankhula. Ndipalenso?

Che Makaniko: MUSAPALENSO! Mwapala denga la bowolo eti? Pamenepo ndi pamene pali nthawi ya injini. Pa makina a 70cc ekizozi imatseguka kirankishafti ikazungulira madigiri 100 mpaka 105 pisitoni itachoka pamwamba penipeni, mabowo a transfer, okweza mafuta kupita pamwamba pa pisitoni, cha m'ma 120. Mpata wa pakatipo, madigiri 20 kapena kuzungulira pamenepo, ndi woti utsi uyambe wathawa mafuta atsopano asanakwere. Pa sitiroko (mtunda umene pisitoni imayenda) ya 34 mm ngati ya Stihl MS 381, milimita imodzi pa denga ndi madigiri pafupifupi 4. Mukakweza, moto ukutuluka usanamalize kukankha pisitoni, kompresheni ikutsika. N'chifukwa chake ikukuwa pamphepo koma mu mtengo ilibe msana.

Nachisale: Makina ake ndi amtundu wanji, ndipo mwachotsa mamilimita angati? Pamwamba kapena m'mbali?

Mnyamata wa ku Chikangawa: Inu Che Makaniko mukuthamangira madigiri, kabuleta bwanji? Mpweya ukachuluka mafuta amaperewera. Tembenuzani sikuluwu ya H ya pa kabuleta kumanzere pang'onopang'ono mpaka pamphepo izimveka ngati ikudodoma, kulira kuziyera ikalowa mu mtengo. Yolira mosalala pamphepo ikufuna kuwotcha pisitoni.

Che Makaniko: Sikuluwu sibweza chitsulo chimene munthu wapala. Ayeze kaye. Ikani gudumu la madigiri pa kirankishafti, pezani pamwamba penipeni ndi choimitsira pisitoni pa bowo la pulagi, muzungulize uku ndi uku, pakati pa manambala awiriwo ndiye ziro. Kenako tochi pa bowo la pulagi, sailensa itachotsedwa. Kuwala kukangotulukira pamwamba pa pisitoni, werengani nambala.

Bambo a Tadala: Vuto ndi oyilo basi. Anthu mukuthira oyilo wagalimoto mu petulo. Thirani wa 2T, wosakaniza ndi petulo, 40:1, mamililita 25 pa lita. Ndipo mlamu sabwerekedwa makina.

Madala Phee: Chotsani gasiketi ya pansi pa silinda, silinda itsike. Ya theka la milimita ikubwezerani madigiri awiri ndi kompresheni. Koma yezani mpata wa pakati pa pisitoni ndi denga la silinda: lowetsani waya wofewa wa solder pa bowo la pulagi mpaka ukhudze khoma, molunjika ndi pini ya pisitoni, zungulizani injini, muyeze pophwanyikapo, mbali zonse ziwiri. Usachepere 0.5 mm. Mumate ndi zomatira za Dirko kapena ThreeBond, silikoni wamba amadyedwa ndi petulo.

Che Makaniko: Madala, mwaiwala kuti silinda ikatsika ma transfer atsikanso. Mpata wa pakati pawo ndi ekizozi ukhala womwewo wakulawo. Bowo lolowera mafuta nalo liyamba kutseguka msanga n'kutseka mochedwa, ikapitirira imalavula mafuta ku kabuleta. Ngati ekizozi yafika potseguka pa madigiri a m'ma 95, yochekera matabwa yatha, agule silinda ndi pisitoni zina. Ndipo asadzakhudze ma transfer! Denga lake ndi limene limaloza mafuta kumbali ya kabuleta kuti akwere, azungulire, akankhe utsi. Mukapotoza mbali imodzi mafuta amangodutsa kupita ku ekizozi osapsa.

Nachisale: Musanailizenso onani m'mphepete mwa bowolo. Mukapala pamatsala mpeni, ringi imakola n'kuthyoka, chikutiro cha m'silinda chimasupuka. Salazani ndi sandipepa, denga likhale lokhota pang'ono, osati lowongoka. M'lifupi musapitirire 65 peresenti ya m'mimba mwa silinda, ndipo siketi, mbali ya m'munsi ya pisitoni, izitsekabe bowolo pisitoni ikakhala pamwamba. Tsukani ndi sopo, fumbi la aluminiyamu limapha mabering'i.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Mlamu uja wabweranso, akuti akufuna wilibala. Ndiye ndiyambe gasiketi kapena sikuluwu?

Che Makaniko: MADIGIRI!

Nachisale: Achimwene, makinawo ndi amtundu wanji?